Anandiuza kuti chinali chifuniro cha Mulungu

Pamaliro ambiri kwathu kuno sipalephera kumveka mawu akuti, "Nanga titani, chinali chifuniro cha Mulungu." Amawanena mwini mbumba, amawanena a mfumu, amawanenanso mkulu wa mpingo popereka chipepeso. Ine ndinakula ndikuwamva ndipo sanandivutepo, mpaka mu Marichi 2023 pamene ananenedwa kwa ine, ndili pamphasa, nditafunda chitenje chobwereka, amuna anga ali m'bokosi.

Ndikulembera inu amene munauzidwapo mawu amenewa koma mtima wanu sunawalandire. Mwina munakwiya, kenako n'kuyamba kuopa kuti mkwiyowo ndi tchimo. Mwina mpaka lero mumapita kutchalitchi ndi thupi lokha. Ndinadutsa momwemo, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni mmene ndinayambiranso kukhulupirira Mulungu popanda kudzinamiza.

Tinkachita lendi ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, chakumtunda, kufupi ndi phiri la Soche. Kumtundako nyumba zinali zotsikirako mtengo, ndipo ndi kumene thumba lathu linkafika. Amuna anga anali mmisiri womanga nyumba, ine ndimasoka. Makina anga ndinkawaika pakhonde, ndipo nthawi yotsegulira sukulu ndinkasoka mayunifolomu mpaka kuwawa msana. Ana tili nawo atatu.

Za namondwe Freddy tinamva pawailesi. A zanyengo ankachenjeza ndithu. Koma ife a mu Blantyre madzi osefukira tinkawatenga ngati vuto la anzathu a kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Namondwe Ana atawononga mu Januwale 2022, amene anavutika kwambiri anali a komweko. Wokhala pamtunda ankadziona kuti ali pabwino, poti madzi sakwera phiri. Zoti phirilo lingatsike n'kutipeza m'nyumba sizinali m'maganizo mwa anthu ambiri.

Mvula inayamba ndipo sinakate. Lamulungu pa 12 Marichi ndi anthu ochepa amene anapita kutchalitchi. Magetsi kunalibe. Usiku madzi anayamba kulowa pansi pa chitseko, ofiira, onunkha dothi. Amuna anga anatenga khasu ndi tochi kuti akatsegule ngalande kuseri kwa nyumba. Sanachedweko. Anabwera atanyowa thupi lonse, nkhope itasintha, ndipo anati, "Mayi a ana, nyamulani ana muzitsika kumsewu, musatenge kanthu. Ine ndikawadzutse kaye agogo aja, ndikupezani." Agogowo ankakhala pamwamba pathu pang'ono, anali ndi vuto la miyendo, ndipo ankakhala ndi kamdzukulu kokha.

Wamng'ono ndinamubereka kumbuyo, awiriwo ndinawagwira manja. Tinatsika mumdima, tikuterereka, madzi akutimenya m'mawondo. Tisanafike kumsewu kunamveka chiphokoso ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi, ndipo nthaka inanjenjemera pansi pa mapazi athu. Kenako kukuwa kwa anthu mbali zonse.

Kutacha, pamene panali nyumba yathu panali matope ndi miyala, ina yaikulu kuposa chipinda. Anyamata a m'deralo ankakumba ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja okha, mvula ikugwabe. Amuna anga anapezeka patapita masiku, kumunsi kwenikweni, kumene matope anakawasiya. Nkhope sindinathe kuizindikira. Ndinawadziwa ndi juzi imene anavala, chifukwa pachigongono panali chigamba chimene ndinasoka ndekha ndi ulusi wobiriwira, poti wakuda unali utandithera tsiku limenelo. Ndinagwira chigambacho n'kuwerenga misoko yanga. Agogo aja nawonso anapita. Kamdzukulu kanapulumuka, ndipo kanauza anthu kuti amuna anga ndi amene anakatulutsira pawindo n'kukauza kuti kathamange, iwo n'kubwerera kukanyamula agogowo.

Tinakakhala kumsasa, pasukulu ya pulayimale. M'kalasi imodzi tinkagona amayi ndi ana ochuluka moti potembenuka umayenera kudzutsa mnzako. Nthawi imeneyo kolera inali itapha kale anthu oposa 1,000 m'dziko muno chiyambire 2022, choncho pakhomo pa kalasi panali ndowa ya madzi a kolorini, ndipo mwana akangotsegula m'mimba aliyense ankagwidwa ndi mantha. Pa 13 Marichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chagwa m'ngozi, ndipo kenako analengeza masiku 14 olira maliro. Nkhani zinkabwera kuchokera ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, kumene midzi ina inakokoloka yonse. Pomaliza anthu omwalira ndi osowa m'Malawi anaposa 1,000, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Pambuyo pake akatswiri a zanyengo padziko lonse anatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anatenga nthawi yaitali chotero.

Kumsasako aliyense anali ndi tanthauzo lake. Akuluakulu ankati ndi napolo, monga wa ku Phalombe mu 1991. Pawailesi ankakamba za mitengo imene inatha m'phiri, za nyumba zomangidwa m'malo osayenera, ndi za kusintha kwa nyengo. Kunabweranso mlaliki wina ndi chimkuzamawu, n'kumakuwa kuti Mulungu walanga Blantyre chifukwa cha uhule ndi mowa. Ndinamumva ndili pamzere wa phala. Amuna anga sankamwa ngakhale dontho, ndipo malo omwera mowa ambiri kumunsi anali chiimire, osagwa ngakhale njerwa imodzi. Koma ochuluka, anthu abwino ondifunira zabwino, ankangondigwira dzanja n'kunena kuti chinali chifuniro cha Mulungu, kapena kuti Mulungu wawakonda koposa.

Ndinasiya kupemphera. Sindinalengeze kwa munthu, ndinangosiya. Madzulo amayi a Mvano ankabwera kudzachititsa mapemphero, ndipo tikamanena pemphero la Ambuye ndinkatsatira bwinobwino mpaka pa mawu akuti "Kufuna kwanu kuchitidwe." Pamenepo pakamwa panga pankatsekeka. Mumtima ndinkati, ngati kufuna kwake ndi matope aja, ndipemphe bwanji kuti kuchitikenso? Ndatsala ndi ana atatu. Akawafunanso amenewa?

Amene anandithandiza ndi mayi wina wachikulire wa Mvano, wamasiye kwa zaka zambiri. Iye sankandilalikira. Ankabwera n'kukhala pambali panga, nthawi zina osalankhula kanthu mpaka kunyamuka. Tsiku lina anabwera ndi singano, ulusi ndi mulu wa zovala za kaunjika zimene anthu akufuna kwabwino anapereka. Zambiri zinali zazikulu, ana sizinkawakwana. Anati, "Mwana wanga, ndamva kuti umasoka. Ana awa akuyenda ndi malaya ofika m'mapazi. Tandithandiza." Ndinayamba kupinda ndi kubweza ndi manja. Aka kanali koyamba kugwira ntchito chichitikire ngoziyo.

Tikusoka choncho ndinamuuza zonse, ngakhale zoti ndakwiyira Mulungu. Sanadzidzimuke. Anandifunsa kuti, "Kodi amuna ako imfa inawapeza akutani?" Ndinati ankakadzutsa agogo. Iye anati, "Ndiye iwe chifuniro cha Mulungu ukuchifunafuna m'matope, osachiona m'miyendo ya amuna ako? Matope aja sindingakuuze za iwo, ine si Mulungu. Koma munthu wobwerera kukanyamula nkhalamba yosayenda, ameneyo ndikudziwa kuti ankachita chimene Mulungu amafuna, chifukwa zinalembedwa."

Mawu amenewa sanandichotsere chisoni. Koma anandipatsa poyambira. Nditapeza Baibulo, poti langa linapita ndi nyumba, mayiyo anandionetsa Deuteronomo 29:29, pamene pamanena kuti zinsinsi ndi za Yehova Mulungu wathu, koma zovumbulutsidwa ndi zathu ndi za ana athu, kuti tizichite. Ndinaona kuti kwa masabata onse aja ndinkagogoda pakhomo la zinsinsi, kufuna kuti Mulungu andiuze chifukwa chake phiri linagumukira mbali yathu osati mbali ina. Khomo limenelo silinatsegukebe. Koma pali khomo lina limene linali lotsegula nthawi yonseyi: zimene Mulungu ananena poyera kuti amazifuna. Kukonda mnansi. Kusamala ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo, monga akunenera Yakobo 1:27. Kunena zoona. Kulira ndi amene akulira.

Ndinayamba kuwerenga ndi maso ena, ndipo ndinadabwa kuona kuti Baibulo silithamangira kunena zimene ife timanena pamaliro. Pa Luka 13 Yesu akukamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha, ndipo akufunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse okhala mu Yerusalemu. Yankho lake ndi lakuti ayi. Ndinalakalaka mlaliki wa chimkuzamawu uja akanawerenga ndime imeneyi asanabwere kudzatithira mchere pabala. Pamanda a Lazaro, Yesu sanauze Marita ndi Mariya kuti apukute misozi poti zinali zolembedwa. Analira nawo, chonsecho akudziwa kuti amuukitsa. Buku la Maliro 3:33 limanena kuti Mulungu sakondwera ndi kusautsa ana a anthu. Ndipo Paulo pa 1 Akorinto 15:26 amatchula imfa kuti mdani, mdani wotsiriza amene adzathetsedwe. Ngati imfa ndi mdani wa Mulungu, ndiye kuti podana nayo sindinali kulimbana ndi Mulungu.

Nkhani ya Yobu ndiye inandigwira mtima kwambiri. Anzake atatu atabwera anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula, ndipo pamenepo anachita bwino. Zinthu zinasokonekera atatsegula pakamwa n'kuyamba kumufotokozera chifukwa chimene Mulungu wachitira zimenezi. Kumapeto, pa Yobu 42:7, Mulungu akukwiyira anzake aja, osati Yobu amene ankadandaula ndi kufunsa mafunso owawa. Masalimo nawonso ndi odzaza ndi anthu ofunsa Mulungu kuti "mpaka liti," ndipo Salimo 88 limatha munthu adakali mumdima, popanda mawu okoma omalizira. Mapemphero otere Mulungu analola kuti alowe m'buku lake. Ndinazindikira kuti ndikhoza kupita kwa Iye ndi mkwiyo wanga womwewo, osadikira kuti uyambe watha.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti usiku uja Mulungu anali atagona kapena kuti zinamupitirira. Yesu anati ngakhale mpheta siigwa pansi Atate osadziwa. Ndimakhulupirira kuti amuna anga sanafe ali okha m'matope muja, ndiponso kuti Mulungu akanatha kuliletsa phiri lija koma sanatero. Zimenezi zimandipweteka mpaka pano. Koma kulola chinthu ndi kukondwera nacho ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ife anthu tilinso ndi mbali yathu. Mitengo ya m'phiri sinadulidwe ndi angelo. Umphawi umene umakankhira mabanja kukamanga m'mphepete mwa phiri si lamulo lochokera kumwamba. Tikamafulumira kunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, timatseka pakamwa wolira, komanso timapereka pobisalira kwa aliyense amene anayenera kuchitapo kanthu.

Pemphero la Ambuye ndinayambanso kulimaliza nditawerenga za ku Getsemane. Yesu sanayambe ndi kuvomera. Anayamba ndi kupempha kuti ngati n'kotheka chikho chimupitirire, ndipo anapempha katatu, ali ndi chisoni chofa nacho. Kenako ndi pamene ananena kuti kuchitike kufuna kwa Atate, osati kwake. Amene ndimamuuza kuti "kufuna kwanu kuchitidwe" ndi Mulungu amene Mwana wake anadutsa mu imfa yowawa n'kuuka. Si mlendo pa nkhani ya maliro. Ndiponso pempherolo limapitiriza kuti kufunako kuchitike pansi pano monga kumwamba. Kumwamba kulibe ana okwiririka m'matope. Choncho ndikamapemphera mawu amenewa masiku ano, ndimakhala ndikupempha kuti zoterezi zithe, ndiponso kuti ine ndikhale mmodzi wa ochita zimene Iye amafuna.

Kukhulupirira kunayesedwa kwenikweni nthawi yotseka misasa itayandikira, pamene aliyense anayenera kusankha kolowera. Anzanga ena anabwerera kumtunda komwe kuja, ena chifukwa chosowa kopita, ena akunena kuti imfa sithawika, tsiku likakwana lakwana. Alamu anga ankafuna ndipite kumudzi ndi ana. Munthu wina anandiuza za mneneri amene akanatha "kuona" chimene chinachititsa imfayo ndi kundiuza kumene Mulungu akufuna ndikakhale, bola ndipereke kaye ndalama zimene amazitcha mbewu. Mayi wa Mvano uja atamva anangoti, "Mulungu sagulitsa mayankho kwa amasiye." Sindinapiteko.

Maloto sindinalote, mawu ochokera kumwamba sindinamve. Ndinachita zinthu wamba. Ndinapemphera mmene ndinkathera, ndinafunsa nzeru kwa abusa athu ndi kwa achimwene anga, ndinaganizira sukulu ya ana ndi kumene ndingapeze makasitomala. Miyambo 22:3 imati wochenjera amaona zoipa n'kubisala, koma achibwana amangopitirira n'kuvutika. Yosefe atachenjezedwa anathawira ku Ejipito ndi Yesu ali wakhanda, sananene kuti Mulungu amuteteza pomwepo. Paulo anatsitsidwa mumtanga pa linga la Damasiko pothawa ofuna kumupha. Kuthawa ngozi imene waiona si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndinasankha kukachita lendi ku Lunzu, pamalo athyathyathya, kufupi ndi msika.

Sindikufuna kukunamizani kuti nditangokhulupirira zonse zinayenda. Makina anga anali pansi pa matope. Amayi a kumlaga kwathu anasonkha kangachepe, ndinabwereka zina kubanki mkhonde, n'kugula makina akale amene lamba wake amaduka pafupipafupi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo nsalu, ulusi ndi zipi zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Chaka chotsatira kunali ng'amba, chimanga chinadula, ndipo panali masiku amene tinkadya kamodzi. Ndikudziwanso amayi ena a kumsasa kuja, opemphera kuposa ine, amene mpaka pano sanapeze poimira. Choncho sindinganene kuti makina anga ndi malipiro a chikhulupiriro changa. Ndimangothokoza, ndipo ndikapeza mpata ndimasokera ana awo yunifolomu osawalipiritsa.

Chovuta kuposa njala chinali ana. Wamng'ono uja, mvula ikangoyamba kugunda pamalata, ankalowa pansi pa tebulo la makina n'kutseka makutu. Wachiwiri, mnyamata, anasiya kulankhula za bambo ake kwa miyezi. Tsiku lina tikusenda nandolo anandifunsa mwadzidzidzi kuti, "Amayi, kodi Mulungu ndi amene anapha adadi? Kumaliro ankati Iye ndi amene wawatenga." Ndinasiya nandolo zija. Ndinamuuza kuti adadi ake anaphedwa ndi matope ochokera m'phiri, mvula itagwa yambiri pamalo opanda mitengo. Ndinamuuza kuti Mulungu amadana ndi imfa, kuti anawalandira adadi ake, ndiponso kuti adzawaukitsa. Anafunsanso kuti, "Nanga bwanji sanawapulumutse?" Ndinati funso limenelo nanenso ndimamufunsa Mulungu, ndipo tikhoza kumamufunsa limodzi. Kenako ndinamufotokozera za kamdzukulu ka agogo aja, kuti kali moyo ndipo kakupita kusukulu chifukwa cha bambo ake. Analira kwa nthawi yaitali, koma kuyambira tsiku limenelo anayambanso kuwatchula.

Makolo anzanga, samalani ndi zimene ana amamva pamaliro. Ife akuluakulu tikati "Mulungu wamutenga" timadziwa chimene tikutanthauza, koma mwana amamva kuti Mulungu ndi wolanda makolo, ndipo amayamba kumuopa m'malo momukonda. Muuzeni chimene chinapha munthuyo m'mawu osavuta, kaya ndi malungo, ngozi ya pamsewu kapena madzi. Mukatero mumuuze za Mulungu amene ali naye pafupi.

Kwa inu opita kukapepesa, sindikuti mawu akuti chifuniro cha Mulungu ndi oipa. Yobu mwini wake ananena kuti Yehova anapatsa, Yehova watenga. Koma onani kuti anawanena ndi Yobu, woferedwayo, osati alendo. Ndi mawu amene wolira amafika powanena yekha, pa nthawi yake, ndipo akatuluka mkamwa mwake amakhala ndi mphamvu. Akanenedwa ndi munthu amene madzulo abwerera kunyumba kwake kumene aliyense ali moyo, amalemera mosiyana. Inu bwerani ndi nkhuni, tungani madzi, khalani pansi. Bweraninso pakatha mwezi, anthu onse atabalalika, chifukwa ndi pamene nyumba imakhala zii ndipo lendi imakhala ikudikira. Wolirayo akanena mawu oopsa okhudza Mulungu, musathamangire kumudzudzula. Mulungu anamva kale mawu oposa amenewo kuchokera kwa Davide ndi Yeremiya.

Ndipo inu amene muli pakati pa chisoni panopa, ngati simungathe kupemphera, musadzikakamize kupanga mawu okoma. Ine kwa nthawi yaitali pemphero langa linali lakuti, "Ambuye, mukundiona." Lolani ena akupempherereni. Pitani pakati pa anthu ngakhale mukangokhala kumbuyo osaimba. Mukadzuka m'mawa musayambe ndi funso la chifukwa chake, poti limenelo likhoza kukugonekani tsiku lonse. Yambani ndi chimene chili pamaso panu chimene mukudziwa kuti Mulungu amachifuna: mwana asambe, mnansi wodwala aonedwe, ngongole ibwezedwe mwachilungamo. Ngati tulo sitikubwera kwa masabata, kapena mukuganiza zodzipha, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala. Kumeneko kuli anthu ophunzira kuthandiza maganizo, ndipo kupitako sikuchotsa pemphero.

Ku Chilobwe ndimapitako. Nyumba zina zamangidwanso m'mphepete mwa njira imene matope anadutsa, ndipo ndikaziona mtima umandiwawa, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri alibe kwina kopita. Nyengo yodzala mitengo ikafika mu Disembala, ana anga ndi ine timadzala nawo kumene mpingo wakonza. Anzanga atatu amene adakali kumtunda ndinawauza kuti a zanyengo akangochenjeza za namondwe, asadikire kuona madzi pakhomo, abwere ku Lunzu adzagone pansi m'nyumba mwanga. Mu Marichi 2025, chenjezo la namondwe Jude litaperekedwa, awiri anabwera ndi ana awo, tinagona mothithikana mpaka mvula itadutsa. Wachitatu anakana, anati Mulungu amene anamusunga nthawi ya Freddy amusunganso. Ndinamuimbira foni usiku wonse mpaka batire inatha. Nyumba yake sinagwe, ndipo tikakumana timakambiranabe za nkhaniyi, iye ndi mavesi ake, ine ndi anga. Ndamuuza kuti chenjezo lina likadzabwera ndidzapita ndekha kukatenga ana ake, iye akafuna adzatsale.